Mbiri ya Maboti Aang'ono a Aluminiyamu ndi Injini Zopachika Kumbuyo

Boti laling'ono la aluminiyamu, lotalika mamita atatu mpaka asanu ndi theka, lokhala ndi mipando iwiri kapena itatu yopingasa ndi injini yopachika kumbuyo, ndi lofala kwambiri pa nyanja ndi mitsinje ya ku United States, Canada ndi Australia. Wofuna kugula boti lotere masiku ano amakumana ndi mafunso amene wogulitsa aliyense amawadziwa pamtima. Kodi likhale lathyathyathya pansi kapena longa chilembo cha V? Lokhoma ndi mariveti kapena lowotcherera? La lata lopyapyala kapena lochindikala? Nanga injini ikhale ya mphamvu zingati? Mafunso amenewa sanabadwire m'sitolo. Lililonse linayambira pa madzi ena ake, pa nthawi ina yake, pamene amisiri ankalimbana ndi vuto lomwe linali pamaso pawo.

Chitsulo chenichenicho chinachedwa kufika m'manja mwa anthu wamba. Aluminiyamu ndi wochuluka m'nthaka, koma kumulekanitsa ndi miyala yake kunali kodula zedi, moti mu 1884 anthu a ku America anaika kachidutswa kake pansonga pa chipilala cha Washington Monument ngati chinthu chamtengo wapatali. Zinthu zinasintha mu 1886 pamene anyamata awiri osadziwana, Charles Martin Hall wa ku Ohio ndi Paul Héroult wa ku France, anatulukira njira yomuyenga ndi magetsi. Mtengo unagwa. Popeza aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba, ndiponso sachita dzimbiri lofiira lija lodya makasu, amisiri a zombo sanachedwe kumuyesa. Kampani ya Escher Wyss ya ku Zürich inapanga boti lake loyamba la aluminiyamu mu 1891, ndipo chaka chotsatira inapangira Alfred Nobel boti lotchedwa Mignon.

Pa madzi opanda mchere maboti amenewa ankachita bwino. Kunyanja yamchere kunali kwina. Mu 1895 mmisiri wotchuka Nathanael Herreshoff anamanga chombo cha mpikisano chotchedwa Defender, chomwe chinali cha buronzi kunsi ndi aluminiyamu kumtunda. Chinapambana mpikisano wa America's Cup chaka chomwecho, koma zitsulo ziwirizo zitakhudzana m'madzi amchere, aluminiyamu anayamba kudyeka, ndipo mu 1901 chombocho chinaphwasulidwa. Phunziro la Defender likugwirabe ntchito: aluminiyamu sagwirizana ndi mkuwa kapena chitsulo chilichonse chosakaniza ndi mkuwa pamalo ponyowa. Vutoli linatha mphamvu pamene akatswiri anasiya kusakaniza aluminiyamu wa zombo ndi mkuwa n'kuyamba kumusakaniza ndi maginiziyamu. Ku Britain msakanizo wotere, wotchedwa Birmabright, unamangira boti la Diana II mu 1931, ndipo ndi womwewo umene pambuyo pake unavekedwa pa magalimoto a Land Rover. Misakanizo ya maboti a lero, yodziwika ndi manambala 5052, 5083 ndi 5086, ndi ya mtundu umenewo.

Injini yopachika inayenda njira yakeyake. Gustave Trouvé anayendetsa boti pa mtsinje wa Seine ku Paris mu 1881 ndi kainjini kamagetsi kotha kuchotsedwa, ndipo Cameron Waterman wa ku Detroit anagulitsa injini zapetulo zotchedwa Porto zaka zingapo Evinrude asanayambe. Komabe dzina lomwe linakhazikika ndi la Ole Evinrude, yemwe anabadwira ku Norway mu 1877 n'kusamukira ku Wisconsin ali mwana. Nkhani yosimbidwa kawirikawiri imati tsiku lina lotentha anapalasa boti mtunda wautali pa nyanja ya Okauchee kukagulira bwenzi lake Bess Cary ayisikirimu, ndipo pobwerera anafika nayo itasungunuka. Mu 1909, ku Milwaukee, anayamba kugulitsa injini ya hosipawa imodzi ndi theka, yolemera makilogalamu pafupifupi 28, pa mtengo wa madola 62. Kapangidwe kake ndi komwe kalipo mpaka lero: injini pamwamba, mtengo wachitsulo wotsika m'madzi, magiya pansi otembenuzira mphamvu ku pulopela. Bess, yemwe anakhala mkazi wake, ndiye ankayendetsa malonda ndi kulemba zotsatsa.

Patapita zaka zochepa Evinrude anagulitsa gawo lake la kampani chifukwa cha matenda a mkazi wake, ndi pangano lakuti asapange injini kwa zaka zisanu. Atabwerera mu 1921 anatulutsa injini ya ELTO, ya hosipawa zitatu koma yopepuka kuposa yoyamba ija, chifukwa mbali zambiri zinali za aluminiyamu. Nthawi yomweyo abale a banja la Johnson ku South Bend, Indiana, anatulutsa yawo ya hosipawa ziwiri yolemera makilogalamu pafupifupi 16. Choncho aluminiyamu anayamba kulowa mu injini asanalowe mu boti la munthu wamba. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu zotsatira, injini yopepuka, yomwe munthu ankainyamula ndi dzanja limodzi, inkapachikidwa pa boti lamatabwa lofuna anthu anayi kuti alikokere kumtunda. Boti lamatabwalo linkafuna kupalidwa ndi kupakidwa penti chaka chilichonse, ndipo likauma m'miyezi yozizira, matabwa ankasiya mipata, kotero ankaliviika m'madzi masiku angapo kuti afufume asanayendepo.

Chomwe chinabala boti la aluminiyamu la anthu wamba ndi Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Dziko la United States linapanga ndege pafupifupi 300,000 m'zaka za nkhondo, zambiri za malata a aluminiyamu okhomedwa ndi mariveti. Nkhondo itatha mu 1945 kunatsala mafakitale, makina opindira malata, chitsulo chambirimbiri, ndi amuna ndi akazi masauzande odziwa kukhoma riveti mwaluso. Kunalinso asilikali obwerera kwawo, okhala ndi kandalama m'thumba ndi galimoto pakhomo. William Hoffman wa kampani ya ndege zankhondo ya Grumman, atatopa ndi kusenza bwato lolemera la matabwa ndi nsalu m'mapiri a Adirondack mu 1944, anaganiza zopanga lina ndi chitsulo cha ndege, ndipo mu 1945 Grumman inatulutsa bwato lake loyamba la mafiti 13.

Koma kwawo kwenikweni kwa boti la injini kunakhala ku Minnesota, chigawo chomwe chili ndi nyanja zoposa 11,000 ndi anthu okonda kuwedza ngati mwambo wa makolo. Kampani ya Flour City Ornamental Iron ya ku Minneapolis, yomwe inkapanga zipangizo za ndege ndi za milatho yoyandama m'nthawi ya nkhondo, inayamba kupanga maboti a Alumacraft mu 1946 motsogozedwa ndi Harry Neils. Chaka chomwecho ku Little Falls kunayamba kampani yomwe inadzatchedwa Crestliner. Mu 1948 Howard Lund wa m'katawuni ka New York Mills anadzipangira kaboti kosakira abakha; malinga ndi mbiri ya kampaniyo, wogulitsa maboti wina anakaona kali pa denga la galimoto yake ndipo anaitanitsa makumi asanu. Mfundo ya denga la galimotoyo si yaing'ono. Boti la mafiti 12 lomwe anthu awiri atha kulikweza pa galimoto linatanthauza kuti msodzi salinso womangika ku nyanja imodzi kumene boti lake limagona. Lero akawedza kuno, sabata yamawa uko.

Funso la kapangidwe ka pansi ndi lakale kuposa aluminiyamu. Boti lathyathyathya, lomwe Aamereka amati jon boat, linakulira m'mapiri a Ozark ku Missouri ndi Arkansas chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mitsinje ya kumeneko, monga Current, James ndi White, ndi yosaya, ya nsangalabwi, yokhotakhota. Amisiri ankakhoma matabwa aatali n'kupanga boti lalitali, lopapatiza, lopanda nsonga kutsogolo ngakhale kumbuyo, lotha kudutsa pa madzi olekeza m'kakolo. Litasanduka la aluminiyamu silinasinthe maonekedwe, ndipo linafalikira ku madambo a ku Louisiana ndi m'mitsinje yonse ya kummwera. Ubwino wake ndi woonekeratu: pa madzi odekha munthu atha kuimirira n'kuponya mbedza kapena khoka popanda boti kugwedezeka kwambiri, limanyamula katundu wambiri, limathamanga ndi injini yaing'ono, ndipo ndi lotsika mtengo chifukwa ndi malata ongopinda. Koma mphepo ikadzuka, pansi pake pamamenya funde lililonse ngati chikhatho pa ng'oma, madzi amalowera kutsogolo, ndipo m'mbali mwake mofupikamo simuteteza kanthu.

Nyanja za kumpoto, monga Mille Lacs ndi Lake of the Woods, ndi zazikulu, ndipo mafunde ake amakwera msanga. Amisiri a ku Minnesota anatengera maboti amatabwa a kwawo, okhala ndi nsonga kutsogolo yong'amba funde, m'mbali mwatali, ndi pansi pomka pathyathyalika chakumbuyo. Pambuyo pa 1960, pamene boti la Moppie lojambulidwa ndi Ray Hunt linapambana mpikisano wa pakati pa Miami ndi Nassau m'nyanja yowinduka, amisiri anaona kuti V yakuya yofika mpaka kumbuyo imafewetsa ulendo wa pa mafunde, ndipo opanga maboti a aluminiyamu anatengerako. Mtengo wake ulipo: boti lotere limafuna madzi akuya, injini yokulirapo ndi mafuta ambiri, ndipo likaima limapendekeka munthu akasunthira mbali imodzi. Pakati pa mitundu iwiriyi panabadwa wachitatu, wathyathyathya kumbuyo koma wa V yosazama kutsogolo, woyenera nyanja zochita kutseka ndi madamu monga Bull Shoals ndi Table Rock, zomwe zinameza mbali yaikulu ya mtsinje wa White m'zaka za m'ma 1950. Pa nkhani imeneyi wogula alibe ufulu wochuluka monga mmene otsatsa malonda amaonetsera. Madzi amene azikayendapo ndiwo amasankha, ndipo ngozi zambiri za maboti aang'ono zimachitika pamene boti la m'dambo latengedwera pakati pa nyanja yamphepo.

Mkangano womwe sutha pakati pa eni maboti ndi wa mariveti ndi kuwotcherera. Maboti oyamba onse anali okhoma, popeza ndi luso lomwe linachokera ku ndege. Ntchitoyi imafuna anthu awiri. Malata awiri amasanjikizidwa, pakati pake pali chomatira chotseka madzi, ndipo amaboola mabowo mondandalika. Mmisiri wakunja amalowetsa riveti, kamsomali kakafupi kofewa kokhala ndi mutu wozungulira, n'kukamenya ndi nyundo yoyendera mpweya, pamene mnzake wam'kati wakankhira chitsulo cholemera pansonga pake. M'kamphindi nsongayo imaphwatalala, thunthu la riveti limafufuma n'kudzaza bowo, malata amagwirana zolimba. Boti limodzi limadya mariveti mazanamazana. Malo olumikizidwa motero amalola boti kupindika pang'ono pa mafunde osang'ambika, ndipo lata silitenthedwa, kotero limasunga mphamvu zake zonse ngakhale likhale lopyapyala, longopitirira milimita imodzi. Choipa chake n'chakuti pakatha zaka za kumenyedwa ndi mafunde ndi kugudubuzidwa pa ngolo m'misewu ya mabampu, mariveti ena amakhwepa n'kuyamba kudontha. Eni maboti akale amadziwa njira yowapezera: amakweza boti pa ngolo, amathiramo madzi pang'ono, n'kugona chagada kunsi kwake ndi choko m'manja, kuzungulira riveti iliyonse yomwe ikutuluka dontho. Kenako amaikhomanso kapena kuika yatsopano, ntchito yotheka pakhomo.

Kuwotcherera aluminiyamu kunachedwa chifukwa cha khalidwe la chitsulocho. Chimasungunuka pa madigiri 660, koma kakhungu kamene kamapanga pamwamba pake chikakumana ndi mpweya, komwe ndi kamene kamachiteteza ku dzimbiri, sikasungunuka mpaka kupitirira madigiri 2,000. Wowotcherera wosazolowera amaona ngati lata silinatenthe, mwadzidzidzi laboka. Njira yothetsera vutoli inachokeranso ku ndege: mu 1941 Russell Meredith wa kampani ya Northrop anakonza kuwotcherera kophimba moto ndi mpweya wosayaka, ndipo mu 1948 kunabwera njira ya MIG, yomwe waya amatuluka yekha mu mfuti yowotcherera, yofulumira moyenera fakitale. Boti lowotcherera lilibe mabowo, ndipo limapirira kugundidwa ndi miyala ndi zitsa. Koma kutentha kumafooketsa chitsulo m'mphepete mwa msoko, kotero amisiri amagwiritsa ntchito lata lochindikala, nthawi zambiri la mamilimita awiri ndi theka kapena kuposa, ndipo boti limalemera ndi kukwera mtengo. Msoko ukang'aluka pamafunika makina ndi katswiri. Crestliner inasankha kuwotcherera, Lund ndi Alumacraft zinadziwika ndi mariveti, ndipo makampani onse atatu ali ndi maboti omwe atha zaka makumi ambiri akuyandama. Izi zikusonyeza kuti luso la mmisiri ndi kuchindikala kwa lata zimalemera kuposa njira yolumikizira.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kunabwera mpikisano wa fiberglass, yomwe imaumbidwa m'chikombole n'kutuluka yosalala, yokhota mokongola, yosachita phokoso. Aluminiyamu ndi wosokosera: chitini cha nyambo chikagwera pansi, nsomba zonse za pafupi zimamva. Amatentha padzuwa, amazizira m'chisanu, ndipo chifukwa chopepuka, mphepo imamukankha mosavuta. Maboti aakulu ndi a chionetsero anapita ku fiberglass, koma aang'ono anatsala, chifukwa boti la aluminiyamu likagunda mwala limangobonyoka osasweka, limatha kugona panja chaka chonse, ndipo galimoto yaing'ono imalikoka. Mu 1978 Johnny Morris, mwini sitolo ya Bass Pro Shops ku Springfield, Missouri, anasintha kagulitsidwe kake. Kale munthu ankagula boti kwina, injini kwina, ngolo kwina, n'kumayesa mwayi ngati zigwirizane. Morris anagulitsa Bass Tracker, boti ndi injini ndi ngolo yake pamodzi, pa mtengo umodzi wa madola 2,995, ndipo makampani ena anatsatira.

Boma nalo linalowererapo. Injini zitayamba kukula mphamvu, anthu ankapachika zazikulu pa maboti opepuka, ndipo ambiri ankagudubuzika pokhota kapena kumira chifukwa chodzaza. Lamulo la Federal Boat Safety Act la 1971 linapatsa asilikali olondera gombe, a Coast Guard, mphamvu yoika miyezo. Kuyambira 1972 boti la thunthu limodzi lochepera mafiti 20 limayenera kukhala ndi kachikwangwani pamalo poonekera kwa woyendetsa, kosonyeza chiwerengero cha anthu, kulemera kwa katundu ndi malire a hosipawa. Mu 1978 anawonjezera kuti maboti ambiri a injini yopachika a msinkhu umenewu aziyandama mowongoka ngakhale atadzaza madzi, kuti anthu akhale ndi pogwira. Ichi n'chifukwa chake pansi pa mipando yopingasa ija pamakhala thovu louma lopepuka. Aluminiyamu payekha amamira ngati mwala, ndipo munthu wochotsa mpando wapakati kuti apeze malo amakhala atachotsa chomupulumutsa, komanso chomangira chomwe chimagwira mbali ziwiri za boti. Malamulo a m'madera nawonso anaumba msika: nyanja zambiri zing'onozing'ono zimaletsa injini za hosipawa khumi kapena kuposa, ndipo ndiko kunachokera injini yotchuka ya 9.9.

Ku Australia botili linapeza dziko lachiwiri, ndipo kumeneko amalitchula mwachikondi kuti tinny. Terry Quantrill anayambitsa kampani ya Quintrex ku Sydney mu 1945. Popeza anthu ambiri a m'dzikolo amakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, nkhani ya Defender ija inabwereranso pang'onopang'ono m'maboti a anthu wamba. Kandalama kamkuwa, kachidutswa ka waya kapena kachitsulo ka mbedza kakagwera pansi pa boti n'kukhala m'madzi amchere miyezi ingapo, kamasiya kabowo. Penti yoletsa ndere yokhala ndi mkuwa imadya thunthu lonse, chimodzimodzinso matabwa onyikidwa m'mankhwala amkuwa akaikidwa ngati poponda. Eni maboti anaphunzira kutsuka ndi madzi abwino akangotuluka m'nyanja, ndi kumangirira kachitsulo ka zinki pa injini kuti kadyeke m'malo mwa boti. Kumeneko kusankha kumakhala pakati pa boti la malata opyapyala opindidwa ndi makina, loyenera m'mitsinje ndi m'magombe obisika, ndi la malata ochindikala owotcherera, lopita kunyanja yaikulu.

Injini nazo zinasamuka. Carl Kiekhaefer anayambitsa Mercury ku Wisconsin mu 1939, koma kuyambira Tohatsu mu 1956, Yamaha mu 1960, Honda mu 1964 ndi Suzuki mu 1965, makampani a ku Japan anatenga gawo lalikulu la msika. Kwa zaka zambiri pafupifupi injini zonse zinali za two-stroke, zosakaniza petulo ndi oyilo, zopepuka, zosavuta kukonza, koma zolavulira mafuta osapsa m'madzi. Malamulo a utsi a ku United States atayamba kugwira ntchito mu 1998, ndipo nyanja ya Tahoe italetsa ma two-stroke akale mu 1999, msika unatembenukira ku four-stroke, njira yomwe Honda inatsata kuyambira pachiyambi. Injini izi ndi zachete ndipo sizidya mafuta kwambiri, koma n'zolemera, kotero boti lakale la m'ma 1970 likapachikidwa yatsopano ya hosipawa zomwezo limatha kukhala pansi chakumbuyo, funde n'kumalowera pa thabwa lopachikapo injini. Thabwa limenelo lili ndi miyezo iwiri yofala pa maboti aang'ono, mainchesi 15 ndi 20, ndipo mwendo wa injini uyenera kulingana nalo. Waufupi umapalasa mpweya, wautali umakoka madzi ndi kugunda pansi. Kampani ya OMC, yomwe inali ndi Evinrude ndi Johnson, inagwa mu 2000, ndipo mu 2020 kampani ya BRP ya ku Canada, yomwe inadzakhala mwini wa dzina la Evinrude, inasiya kupanga injini zimenezi.

Mwa zinthu ziwiri zomwe zinapanga boti limeneli, injini ndiyo inafika patali. Pa nyanja ya Malawi imapachikidwa kumbuyo kwa maboti amatabwa onyamula chilimira ndi anthu opita kumadooko ena, ndipo mitundu yolimba monga Yamaha Enduro, yopangidwira madera opanda magalaja ambiri, ndi yodziwika kwa asodzi. Thunthu la aluminiyamu silinafalikire chimodzimodzi. Boti lamatabwa likaboka, kalipentala wa pagombe amalikonza ndi thabwa, misomali ndi phula tsiku lomwelo, pamene la aluminiyamu limachokera kunja, limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kuliwotcherera kumafuna magetsi ndi botolo la mpweya wa argon. Ndiponso boti lopepuka, lalifupi m'mbali, si loyenera kukumana ndi mwera pakati pa nyanja litadzaza usipa. Kumene limaoneka kwambiri ndi pa mitsinje: pa Shire ku Liwonde ndi pa Zambezi, kumene limanyamula alendo oona mvuu ndi ng'ona, alonda a zinyama, ndi magulu opulumutsa anthu madzi akasefukira, ntchito zofuna boti losazama, lotha kukwezedwa pa ngolo n'kutsitsidwa kulikonse kumene msewu wafika pamadzi.